Madisiketi Asanu a Rosemary

Rosemary anali munthu wosamala, ndipo n'chimene chimandiwawa pa nkhaniyi. Kampani ya boma imene ankagwirako ntchito itagulitsidwa, anzake anamwera ndalama zolekera ntchito, iye n'kugula kompyuta yakale, n'kutsegula kaofesi kotaipira makalata pamsika wa Chawama. Lachisanu lililonse ankakopera ntchito yonse pa madisiketi asanu osungira. Asanu omwewo, sabata ndi sabata, poti disiketi sinali yotchipa. Zatsopano zikalowa, zakale zinkafufutika.

Ba Hamdani, telala wokalamba wa pafupi ndi mzikiti, ankabwera kwa miyezi inayi. Ankakhala pampando, ndodo pakati pa miyendo, n'kumatchula makolo awo, Rosemary akutaipa: amene anachoka ku Mangochi, midzi yawo, ana awo, kumene anaikidwa. Pepala analibe. Zonse zinali m'mutu, ndipo ankadziwa kuti mutuwo watopa. Anamwalira asanauze Rosemary kuti asindikize.

Kutatsala masiku awiri kuti ichitike sadaka ya masiku makumi anayi chimwalirire mkuluyo, mwana wawo Shamsia anafika.

"Ba Rosemary, nifuna vija banakamba batata. Babululu bazabwela kuchoka ku Malawi, tifuna kubelenga mazina pa sadaka."

Kompyuta inali itayamba kale kugogoda m'kati ngati nkhuku yojompha m'mbale, koma Rosemary ankati ndi fumbi chabe. Atatsegula nkhani ya Ba Hamdani anapeza tizibokosi ndi zizindikiro zachilendo, tsamba ndi tsamba. Sanaope. Anatulutsa madisiketi ake monyadira, n'kulowetsa yoyamba. Tizibokosi. Mpaka yachisanu, chimodzimodzi.

Ba Lemmy, okonza makompyuta, anabwera kuchokera m'tauni mawa lake. Anamvetsera kugogodako, n'kupukusa mutu.

"Hadi disiki yanu, ija isunga vonse mukati, inayamba kudwala kudala, mayo. Yenze kudya vinthu pang'ono pang'ono. Manje imwe pa Chisanu paliponse mwenze kutenga vobola, muika pamwamba pa vabwino."

"Nanga sembe sinenze kukopa?"

"Sembe vina vilipo."

Rosemary anakhala pansi. Ulesi ukanamupulumutsa, khama ndi limene linamupha.

"Koma ndimwe munataipa," anatero Shamsia motsitsa mawu. "Simukumbuka olo zina imozi?"

Rosemary anayesa, Mulungu ndi mboni. Koma zaka khumi ndi chimodzi za muofesi zinamuphunzitsa kuti khutu limva, zala zigunda, mutu uli kwina. Ankakumbukira chifuwa cha mkuluyo, fungo la mafuta a makina osokera pa malaya awo, ndi mmene ankatsinzinira akafika pa dzina la amayi awo. Dzinalo silinabwere. Anachita manyazi kwambiri.

Ba Lemmy analimbana ndi kompyutayo mpaka masana. Pa masamba makumi atatu anapulumutsa mzere umodzi, woyambirira. Rosemary anausindikiza, Shamsia n'kuuwerenga ali chiimire:

"Ine Hamdani ndikunena izi kuti ana anga asadzavutike kufunsa kwa anthu."

Anapinda pepalalo kanayi, n'kupita kukachingamira alendo.