Phulusa la Zitsononkho

"Thumba ili likuwonda, mayi a Eleanor," adatero Gideoni akuligwedeza ndi dzanja limodzi. "Mwezi watha sindikadalinyamula ndekha."

Rakele, mkazi wake, adaima pakhomo la kachipinda kosungiramo zokolola, maso ali pansi. "Mwina ndi makoswe."

"Makoswe omanganso thumba akatha kudya? Amenewo ndiye adapita kusukulu."

Udali mtedza wa mbewu. Mitambo idali itayamba kuunjikana pa phiri la Ntchisi, ndipo mizere kumunda idali itapangidwa kale. M'mudzimo munthu ankalolera kugona ndi njala, koma mbewu osaikhudza. Wodya mbewu ankasekedwa ndi ana omwe.

Gideoni adasuzumira pazenera, kuyang'ana kanyumba ka kuseri. Mmenemo munkakhala Susana, mkazi wa malemu mng'ono wake.

"Ndiwo za alamu masiku ano zikumanunkhira nsinjiro," adanong'ona. "Kiyi amadziwa msomali umene timamukolekapo. Ndikangowagwira, abwerera kwawo ku Chezi."

Adapita kukhitchini, natapa phulusa lotuwa la nkhuni, naliwaza pansi kuyambira pakhomo mpaka pathumba. "Phazi silinama," adatero, akuoneka wokhutira ndi nzeru zakezo.

Koma phazi limene ankalisakalo lidali la Rakele.

Zidayamba Eleanor, mwana wawo mmodzi yekhayo, atakwatiwa ku Lilongwe. Masana Gideoni akapita kukathirira nazale ya fodya, nyumba inkangoti zii, ndipo chinthu china chinkadzuka m'chifuwa mwa Rakele. Sidali njala, poti nkhomaliro ankadya bwino. Ankati angoswa makoko awiri a mtedza, koma manja ankathamanga okha. Pozindikira, makoko ali mulu pamiyendo, mimba ili ndii, nsagwada zikuwawa. Makokowo ankakataya m'chimbudzi, kenako nkulira, nkulumbira kuti lero ndi lomaliza. Ankadzida kwambiri.

Tsiku loyamba la phulusa adamwa makapu atatu a madzi, nkupirira. Lachiwiri adathawira kumjigo, nkumatunga madzi amene sankawafuna. Lachitatu adaimba nyimbo ya ku Mvano mpaka ndime yomaliza, koma nyimbo itatha adapezeka kiyi ali m'manja.

Atakhuta mpaka kulephera kupuma, adaona mapazi ake ali mbee paphulusa. Adasesa msangamsanga. Kukhitchini adapeza kuti phulusa lonse adalitsukira mapoto m'mawa. Ndiye adavundukula kamphika kake ka phulusa la zitsononkho, limene ankasungira chidulo cha therere, naliwaza m'malo mwake.

Gideoni atabwera adalunjika kukachipinda kuja. Thumba lidali litatsikanso, koma phazi panalibe.

"Alamu! Tabwerani kuno!"

Susana adabwera akupukuta manja pachitenje, nagwada pakhomo. "Ndabwera, alamu."

"Chimwalirireni mng'ono wanga, tidakumanani chiyani pakhomo pano?"

"Palibe."

"Nanga mbewu yanga ikupita kuti, ndipo nsinjiro za m'ndiwo zanu zikuchokera kuti? Wakubayu ngochenjera, akumasesa nkuwazanso phulusa. Munthu wakunja angakhale ndi nthawi imeneyo?"

Susana adayang'ana pansi. Adatsina phulusa lija, nalipekesa pakati pa zala. Lidali loyera, losalala ngati ufa. Zitsononkho zake adaotcha limodzi ndi Rakele mwezi wa Ogasiti, ndipo ankadziwa bwino kamphika kamene lidasungidwamo. Adakweza maso, nayang'ana Rakele nthawi yaitali.

"Ngati mukuti ndine, alamu," adatero Susana pang'onopang'ono, akupukutira chala pachitenje, "ndilongedza. Mundilole ndikatsanzike kumanda kokha."

Adadzuka, nayamba kupita.

"Ayi!" mawu a Rakele adatuluka osweka. "Bambo a Eleanor, phulusalo ndi la chidulo changa. Ndine."

Gideoni adaseka pang'ono, poyesa nthabwala. "Inu? Mumakagulitsa kuti?"

"Sindigulitsa. Ndimadya."

"Theka la thumba? Kodi ndimakumanani chakudya ine?"

"Simundimana. Si njala. Chimangondigwira, ndipo ndikayamba sinditha kuleka. Ndayesa madzi, ndayesa pemphero. Ndikuchita mantha, abambo."

Gideoni adakhala pathumba lija, navula chipewa. Adayang'ana mkazi wake, amene adakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu, ngati akumuona koyamba. Mkwiyo umene adausunga masiku atatu udasowa poutula.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," adatero potsiriza. Kenako adatembenukira kwa Susana, mawu atatsika. "Alamu, ndakulakwirani. Mundikhululukire."

"Nsinjiro zija adanditumizira achimwene anga," adayankha Susana. "Mukadangofunsa." Ndiye adatambasula dzanja kwa Rakele. "Bweretsani kiyiyo. Ine chaka chimene adamwalira amuna anga ndinkadya dothi la pachulu, ndani adadziwa? Zobisa zimakula. Lachinayi tipitira limodzi kuchipatala ku Boma, mukawafotokozere anamwino."

Rakele adapereka kiyi.

Mvula itagwa, mtedza udathera pakati pa munda. Mizere yotsalayo Gideoni adadzalamo soya, ndipo anthu odutsa akafunsa ankangoti chaka chino wafuna kuyesa zina.

Chinthu chija sichidachoke. Masana ena, nyumba itati zii, chidadzukanso m'chifuwa. Rakele adayang'ana msomali wopanda kiyi, natuluka, nazungulira kuseri. Susana adali pakhonde akusankha nyemba.

"Chabwera," adatero Rakele.

Susana adasendera, namusiyira malo pamphasa.