Mwendo wa telala ndi lole ya mlamu wake

Telala wina anagundidwa ndi lole ya mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, Lachiwiri lina m'mawa, zaka zitatu zapitazo. Mlamuyo ankabweza m'mbuyo lole ya mchenga pakhomo pa shopu, telala atawerama kutola singano. Panalibe woona. Anatsika, anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, n'kumunyamula, ulendo wa kuchipatala.

Pofika kumeneko nkhani inali itasintha kale.

"Ndawatola m'mbali mwa msewu, galimoto yawagunda n'kuthawa," anatero mlamuyo kwa namwino, misozi ili mbwe. "Anthu a masiku ano alibe chisoni!"

Telala anafuna kuyankha, koma anamuphimba pakamwa ndi chipangizo cha mpweya. Atatsitsimuka anapeza mwendo wamanja uli m'mwamba, atauboola ndi chitsulo, chingwe chikuukoka. Kumapeto kwa chingwecho kunkalendewera thumba la mchenga.

"Mchenga womwewu wanditsatira mpaka kuno," anadandaula.

Lamulo la m'wodimo linali lakuti wodwala aliyense akhale ndi womuyang'anira, ndipo kwa amuna akhale mwamuna. Telala anabereka ana aakazi okhaokha. Ndiye amene anakhala pampando pafupi ndi bedi, kumusambitsa, kumutembenuza ndi kumubweretsera kabeseni kodzithandiziramo, anali mlamu yemweyo.

Patatha masiku awiri, dokotala akuyendera odwala, telala analoza chala.

"Adokotala, anandigunda ndi uyu."

Mlamu anapukusa mutu mwachifundo. "Dzulo amati ine ndine malemu bambo awo. Mutuwu unamenya pansi kwambiri."

Dokotala anamuunika telala m'maso ndi katochi, n'kumufunsa kuti lero ndi lachingati. M'wodi masiku onse amafanana. Telala anati Lachisanu, pomwe linali Lachinayi. Dokotala analemba zinazake papepala, anamwino n'kuyamba kumuyankhula mokweza ndi pang'onopang'ono ngati mwana.

Masana amenewo kabeseni kanachedwa maola awiri. Telala anaitana mpaka mawu kusasa, mlamu ali phee pakhonde, akuwotha dzuwa. Kuyambira pamenepo anaphunzira kuti munthu sakangana ndi wogwira kabeseni.

Wa pabedi loyandikana, woyendetsa njinga yamoto amene anathyoka manja onse, ankachita nsanje.

"Akulu, mlamu wotere ngosowa. Wanga anabwera kamodzi kokha, kudzafunsa makiyi a njinga."

Mkazi wa telala naye pa nthawi yoona odwala ankangomunong'oneza kuti, "Abambo, musatichititse manyazi. Achimwene asiya ntchito chifukwa cha inu."

Telala anatuluka m'chipatala patatha miyezi itatu, akuyendera ndodo. Mwendo unali utafupika zala zitatu, bondo losapindika. Ndiwo mwendo umene ankapondera makina osokera. Anayesa wamanzere, makina n'kumazungulira cham'mbuyo, ulusi n'kumaduka! Makasitomala anasamukira kwa telala wa tsidya la msewu, munthu wosadziwa n'kusoka kolala komwe.

Tsiku lina anatsimphina mpaka pamene panaima lole ija, nasuzumira pansi. Pachitsulo cha kumbuyo panali patakodwa kansalu ka buluku lake, msoko wa manja ake. Anapita nako kwa mkazi wake, mtima uli m'mwamba.

"Nanga si anakunyamulani pa lole yomweyo?" anatero mayiyo.

"Anandinyamulira kunsi kwa matayala?"

Mayiyo anatenga kansaluko n'kupukutira tebulo.

Kenako abale anakhala pansi n'kugwirizana zothokoza mlamu, amene tsopano ankamutcha Mpulumutsi. Anati amugulire nsalu ya suti, ndipo woyenera kuisoka ndi wopulumutsidwayo. Telala sanakane. Anasoka milungu iwiri, akupukusa makina ndi dzanja. Jekete linakhala bwino zedi. Koma mwendo wamanja wa buluku anaufupikitsa zala zitatu, poganiza kuti anthu akauona afunsa chifukwa chake, iye n'kufotokoza zonse.

Mlamu anavala sutiyo abale onse ali pabalaza. Sokosi yamanja inali pamtunda. Anthu anayang'ana buluku, anayang'ana telala, kenako anayang'anana. Palibe anafunsa.

"Mutu uja sunachirebe," anatero azakhali, ndipo onse anavomera mwachisoni.

Bulukulo mlamu anakalikonzetsa kwa telala wa tsidya la msewu. Mlamu akuyendetsabe lole ya mchenga, amatchedwabe Mpulumutsi, ndipo mpaka lero sanapepese.