Dontho la Mbasela

A Gilson Mwelwa anatha zaka makumi atatu akusamalira maluwa a anthu ena ku Kabulonga, koma duwa lawolawo linali limodzi lokha, nalonso linali m'chitini cha penti kuseri kwa nyumba ya lendi ku Kabwata. Kanali kanthambi ka rozi kotalika ngati chala, ka masamba awiri. Munthu wodutsa akanangoti ndi chitsotso, koma a Gilson ankakapatsa moni m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe.

Rozi ameneyu anali wa akazi awo, a Helen, amene anamwalira chaka chathachi. Anabwera naye kuchokera kwawo ku Katete ali mtsikana wongokwatiwa kumene, namubzala pakhomo, ndipo anakula mpaka kufika pawindo. A Helen ankagulitsa tomato pamsika wa Kabwata. Ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kukamwa kosabisa mawu, ndi dzanja la mbasela. Wogula mulu umodzi sankachoka osamuponyera tomato wina wapamwamba, ngakhale tsiku limene malonda avuta. Chimene ankadana nacho ndi maluwa apulasitiki. Pamaliro a anzawo ankanong'oneza mnzawo wapafupi kuti munthu wagwira khasu moyo wake wonse, mapeto ake n'kumufunditsa zinyalala za m'masitolo a ku Kamwala.

Ali chigonere m'chipatala, mimba itatupa ndi chotupa chimene madokotala anachilephera, anawagwira amuna awo padzanja, nawaitana ndi dzina la mwana wawo Deborah.

"Bashi Debo, pamanda panga musakaikepo vapulasitiki. Mukashangepo rozi wanga. Mwamvela?"

"Namvela, amake Debo."

Lonjezo lokabzala duwalo pamanda linali lopepuka tsiku limenelo, poti roziyo anali chilili pakhomo. Koma mwininyumba, munthu amene akaona dothi amaona malo otayika, anaganiza zomanga kashopu kutsogolo kwa nyumbayo. Tsiku lina a Gilson pochokera kuntchito anapeza simenti itathiridwa kale, nthambi zili mulu pafupi ndi ngalande. Anatolapo zisanu zimene zinali zisanafote. Zinayi zinada n'kuwola. Imodzi inatulutsa masamba awiri mu Epulo, kenaka inangoima. Meyi anatha, Juni anatha ndi chisanu chake, iyo osawonjezera ngakhale kansonga.

Mwambo wovundukula chiliza cha a Helen unali utaikidwa pa Loweruka lomaliza la Julaye, ndipo achibale a ku Katete anali atayamba kale kufunsa za mabasi. A Gilson ankachita mantha kuti kanthambiko kakufa mwakachetechete. Ankachitanso manyazi, tisabise: munthu wodziwika ndi zamaluwa mu Kabulonga monse akaime pamaso pa alamu ake atanyamula kamtengo ka masamba awiri?

Kwatsala milungu itatu, madamu a kuntchito kwawo anawapatsa botolo la mankhwala ophera chisoso ndi bonongwe zimene zinkamera m'kapinga. Zilembo za pabotolo zinali zing'onozing'ono, maso a a Gilson anali atatopa, choncho analitengera kunyumba kuti mwana wawo Deborah awawerengere muyezo. Deborah ankaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Chelstone, ndipo Lamlungu ankadzera kwa bambo ake akaweruka kutchalitchi.

"Aya ni 2,4-D, adadi," anatero atalitembenuza botololo. "Muziba chamene yachita? Siyashoka chomela monga moto iyai. Yachikulisa."

"Yachikulisa? Nanga ba madamu bakamba ati yapaya?"

"Yapaya mokulisa." Deborah anakhala pampando, mawu ake a m'kalasi atabwera okha. "Chomela chilichonse chipanga mankhwala yake kunsonga. Yaseluka mumtengo, yauza va mukati kuti talikani. Nchito ikasila, chomela chiyaononga cheka. Manje aya yopanga bantu yalingana na yaja, koma banamatikako klorini pabili, ndiye chomela chikangiwa kuyaphwanya. Mau yakuti kula siyasila. Chisoso chikula usana na usiku, chipindika, njila zopitamo chakudya zavalika, chafa na njala. Kapinga yeve samvela maningi, ndiye asala."

A Gilson anayang'ana chakukhomo lakuseri. "Nanga munthu akaikako pang'ono chabe?"

"Baliko bamene baika ku malalanje kuti yasagwe musanga. Koma ni pang'ono pamene imwe simungapime na maso, adadi. Osayesa pa maluwa ya ba madamu, bazakupishani nchito."

Anaseka onse awiri. Deborah anawalembera muyezo wa kapinga papepala, natsanzika.

A Gilson anamva zonse, tisawanamizire ugonthi. Koma zaka makumi atatu zimampatsa munthu mtima wina. Iwo feteleza ankapima ndi chikhatho, mankhwala a nsabwe ndi chivindikiro cha botolo, ndipo palibe duwa limene linawaferapo chifukwa cha muyezo. Mwana amene anamusintha matewera ndi iwo omwe akawauze lero kuti dzanja lawo silidziwa pang'ono?

Lolemba m'mawa, asanapite kokwerera minibasi, anatunga madzi m'kapu yaikulu. Anaviika kamtengo ka machesi m'botolo muja, nadonthezera dontho limodzi m'madzimo. Fungo lake linali loswa mphuno. Anaima kanthawi akuyang'ana masamba awiri aja, nakumbukira a Helen. Mayi amene sanapatsepo munthu muyezo wouma, iwo amupimire ndendende?

"Iyi ni mbasela, amake Debo," anatero, nadonthezanso lina.

Anawaza masambawo, otsala anathira patsinde.

Pofika Lachitatu kansonga kanali katatuluka, kobiriwira mowala, kotalika ngati chikhadabo. Lachisanu kanali kataposa chala. A Gilson anapita kuntchito akuimba nyimbo ya kwaya imene anali asanaiimbe chimwalirire a Helen, ndipo kondakitala atawabwezera chenji yoperewera sanakangane naye. Anali okondwa, okondwa zenizeni, ngati munthu amene wodwala wake wapempha phala.

Lamlungu m'mawa anapeza nsonga ija itawerama ngati khosi la nkhuku yodwala chitopa. Anati mwina ikufuna dzuwa, nasuntha chitinicho. Anaimangirira kukamtengo ndi ulusi, koma inapotoka n'kuzungulira ulusiwo. Masamba atsopano anatuluka opyapyala ngati zingwe za nsapato, akale aja anapindikira pansi. Chomvetsa chisoni n'chakuti sinkasiya kukula. Tsiku lililonse inali yotalikirapo, yopotokerapo, yowondererapo.

Kuntchito, chisoso chimene anachipopera m'kapinga chinkachita chimodzimodzi, ndipo madamu anawayamikira kuti agwira ntchito yabwino. A Gilson anayankha kuti zikomo, maso ali pansi.

Mlungu wachiwiri tsinde linatupa pafupi ndi dothi, khungwa linang'ambika, panatuluka timatuza toyera tothinana. Apa ndi pamene anakhala pansi pasimenti yozizira. Anali ataziwonapo izi. Anakumbukira dokotala wachitsikana uja m'chipatala, akuwafotokozera mofatsa kuti m'mimba mwa amayiwa muli zinthu zimene zikukula osadziwa posiyira. Nthawi imeneyo analibe womuloza chala, anangoti ndi kufuna kwa Mulungu. Tsopano womuloza chala analipo, ndipo ankamuona pagalasi pometa ndevu.

Anathira madzi ambiri kuti atsuke mankhwalawo. Anadula nsonga yopotokayo, ina inatuluka pambali yopotoka kuposa yoyamba. A Gilson sanamuuze Deborah. Mwayi wawo, kapena tsoka, mwanayo Malamlungu awiri anali wotanganidwa ndi osema chiliza.

Anabwera Lachisanu masana, mawa lake kuli mwambo, atanyamula nsalu yoyera yophimbira mwalawo. Anawapeza bambo ake kuseri. M'chitini munali chinthu chofiirira, chopiringizika ngati waya wakupsa.

Deborah anagwada, nanunkhiza dothilo. Sanakalipe, ndipo a Gilson akanakonda akanakalipa.

"Munaika yangati, adadi?"

"Limozi." Anayang'ana chitinicho. "Na la mbasela."

"Nenze nakuuzani."

"Unaniuza, mwana wanga. Nenze kuona monga kafa. Myezi ibili kulibe olo tsamba."

Deborah anatembenuza chitinicho, nachimenya pansi pang'onopang'ono mpaka dothi linatuluka lonse lathunthu. Analifumbula ndi zala. Mizu inali paliponse. Inali itatsika mpaka pansi pa chitini, n'kuzungulira m'mbali kawiri, yaitali, yanthambinthambi. Tsopano inali yoderako ndi yofewa, koma aliyense akanaona kuti miyezi iwiri ija kanthambiko sikanali kufa ayi. Kanali kalikiliki pansi, kudikira kuti chisanu chidutse.

"Kanagwila," anatero Deborah motsitsa mawu. "Mu Ogasiti kanakaphuka keka."

A Gilson, amene anaphunzitsa anthu ambiri mu Kabulonga kuti duwa la m'chisanu salifulumizitsa, anatenga mizuyo m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu, ndipo iwo mwambiwu ankaudziwa kuyambira ali mwana. Anafunsa ngati pali kachidutswa kamene kangapulumuke. Deborah anakanda khungwa ndi chikhadabo kuyambira pamwamba mpaka patsinde, kufunafuna pobiriwira. Panalibe.

Loweruka kunacha ndi mphepo ya fumbi. Kumanda kunadzaza achibale a ku Katete, anzawo a a Helen a pamsika, ndi amayi a chigwirizano atavala zoyera ndi zakuda. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, anthu anawerenga dzina pamwala n'kuvomereza kuti mwanayo wagwira ntchito. Kenaka inafika nthawi yoika nkhata, imene imayamba ndi mwamuna wa malemu.

Woyendetsa mwambo anaitana dzina lawo. A Gilson anaimirira manja ali lende. Pomwepo mlongo wa a Helen, bambo wokoma mtima amene sankadziwa kanthu za lonjezo lija, anatulukira msanga ndi nkhata imene anagula ku Kamwala atangotsika basi. Inali yaikulu, ya marozi ofiira apulasitiki, yonyezimira, pepala la sitolo likadali lendelende kumbali.

"Tengani iyi, alamu. Musade nkhawa, ife tinakonzeka."

A Gilson anayang'ana Deborah. Deborah anayang'ana pansi, misozi ikugwera pansapato. Anthu onse ankadikira, kwaya inali itayamba kale kung'ung'udza nyimbo, ndipo kukana mphatso ya mlamu pamanda a mlongo wake ndi chipongwe chimene sichiiwalika. Analandira ndi manja awiri.

Anayenda masitepe asanu kufika pamandapo, nagwada. Nkhatayo inali yopepuka moti mphepo inkafuna kuilanda, choncho anatola mwala n'kuipsinja nawo kuti isauluke.

"Munikhululukile, amake Debo," ananong'ona. "Nenze nakuikilani mbasela."

Kumbuyo kwawo mayi wina wa pamsika anauza mnzake kuti nkhatayo ndi yokongola, ndipo ubwino wake siifota.