Kazembe wa Nkhope ya Mphira

Kodi mungathe kulota amene anali m'kati mwa chigoba chija? Maxon, mlonda wa pahotela ina ku Dubai Marina, sanalole n'komwe kuti funso limeneli limulowe m'mutu, pakuti kwawo ku Dowa munthu woleredwa bwino safunsa zotere.

Masana a tsiku lina, gulu la azungu achikulire linabwereka khonde la pamwamba pa hotelayo. Linali gulu la okonda sewero lina lakalekale la pa wailesi ya kanema ya ku Mangalande, ndipo linafuna kulisewera lokha. Mtsogoleri wawo, Bambo Stafford, anali atamufotokozera Maxon nkhani yake mwachimwemwe ngati mwana. Pa dziko lina la kumlengalenga, mitundu iwiri inkalimbirana ufumu: okumba miyala pansi pa nthaka ndi okhala m'nsanja. Kazembe wochokera ku dziko lachitatu ndiye anayenera kugamula, ndipo kukhala chete kwake kunkatanthauza nkhondo.

Kazembeyo anamukhazika pampando wautali, pafupi ndi pamene Maxon anaima. Anali chinthu chobiriwira, cha mphira kuyambira kumutu mpaka kuphazi, chokhala ndi maso atatu. Maxon anachiyang'ana kamodzi kokha, n'kuthawitsa maso. Ankadziwa bwino kuti limeneli si dambwe la gule wamkulu, ndi masewera a azungu chabe, komabe thupi lake linakana kumva. Anapinda manja kumbuyo mwaulemu.

Dzuwa linali litaswa mtengo, ndipo zokupizira mphepo zinkangotembenuza mpweya wotentha womwewo. Azungu aja anakangana mokoma, wina akumenya tebulo, wina akulumbira kuti nsanja zonse zigwa. Kenaka onse anatembenukira kwa Kazembe. Iye sanayankhe. Omvera anaseka chapansipansi, kusangalala ndi luso lake.

Koma chete uja anatalika. Dzanja la mphira linatsetsereka pamwendo n'kulendewera. Mutu unapendekera kumanzere.

Bambo Stafford anasiya kumwetulira. Anayesa kudzuka msanga, koma mkanjo wawo wachifumu unakola mwendo wa mpando. Anamukuwira Maxon m'Chingerezi kuti avule chigobacho, munthu akukomoka m'katimo. Nayo wailesi ya paphewa pa Maxon inalira: mkulu wa alonda anali ataona zonse pa kamera.

"Yalla, fulumira Maxon, ukudikira chiyani?"

Iye anafika pampandopo, natambasula manja, koma manjawo anaima m'malere. Kumbuyo kwake kunali amayi, kunali atsikana operekera zakumwa, onse maso ali pa iye. Kuvula chilombo pabwalo, akazi akuona! Abambo ake akanamva zimenezi sakanamupatsanso moni. Anangozindikira akufunafuna nsalu, chitseko, kangodya kalikonse kobisika kokachitirako zimenezi. Anayesa kunyamula mpando wonse pamodzi ndi mwini wake, koma unali wolemera, ndipo thupi lija linangogwera pachifuwa pake ngati thumba. Mphira ija inamuotcha kudzera m'malaya.

Anaika khutu pakamwa pa chigobacho. Sanamve kanthu.

"Pepani," ananong'ona m'Chichewa, osadziwa amene akumupepesa.

Anamugoneka pansi, nagwada motchinga ndi msana wake. Zingwe za kukhosi zinali zomangidwa mfundo yolimba, yonyowa ndi thukuta. Mfundo inakana. Anailuma ndi mano, inakanabe. Mtsikana wina anamuponyera kampeni kodulira mandimu, ndipo anadula chingwecho, n'kudzicheka chala osamva kuwawa. Anakoka chigobacho ndi manja awiri, maso atatsinzina.

Kenaka anamva kukoka mpweya, kokhadzula ngati chitseko chadzimbiri, kutsatizana ndi chifuwa. Wina anathira madzi ozizira, ena mwa madziwo anamugwera m'manja.

"Mwachedwa, achimwene," anatero mawu ofooka, m'Chinyanja cha ku Chipata. "Nenze n'kumverani mukuyendayenda."

Maxon anatsegula maso. Anali Rosta, mayi wogwira ntchito kochapira zovala za alendo, amene anavomera kuvala chigobacho chifukwa mwa antchito onse a pahotelapo, iye yekha ndi amene chinamukwana.