Mkango wa Mutu wa Chiwombankhanga

Margreth, namwino wa pachipatala china mu Perth, atapezeka ndi kovidi anadzitsekera m'chipinda kunyumba kwawo ku Morley. Mwamuna wake anali ku Malawi, akulephera kubwerera chitsekereni malire. Panyumba panali mwana wawo yekha, Atusaye, mtsikana wa kusekondale amene chichokereni bambo ake ankangoyankha liwu limodzi limodzi, m'Chingerezi.

M'mawa uliwonse Atu ankasiya tiyi pakhomo, n'kugogoda, n'kulowetsa pepala pansi pa chitseko. Pa loyamba panali mkango wa mutu wa chiwombankhanga, wojambulidwa ndi inki yabulauni. Kenaka hatchi ya mchira wa nsomba. Kenaka chinjoka cha mapiko, lilime lili panja.

Margreth mantha anamugwira. Anajambula mapepalawo ndi foni n'kutumizira Dorcas, mnzake wa kumapemphero ku Mirrabooka. Dorcas anaimba pompo.

"Amake Atu, mwana wanu akulota chiyani? Izi n'zamizimu! Otchani lero lomwe."

"Ndiotchere m'chipinda muno, asisi? Alamu ya utsi ilira mpaka ozimitsa moto afika."

"Ndiye ng'ambani. Musaseke, nkhaniyi ndi yaikulu."

Margreth anagwada n'kupemphera nthawi yaitali. Ankadziwa kuti akang'amba, ngakhale kugogoda kwa m'mawa kuja kutha, mwana atsekeratu pakamwa. Komabe anatenga pepala la mkango n'kupita nalo pawindo, zala zili m'mphepete kuti aling'ambe. Kuwala kutagwa papepalapo anaona timizere tating'onoting'ono topingasana, tochuluka ngati tsitsi, nthenga iliyonse payokha. Inki safufuta. Mwanayu anakhala pansi maola angati, osalakwitsa, chifukwa cha iye?

Masana Atu atagogoda, Margreth anati, "Khala kaye pamenepo, mwanawe. Zinthu izi umaziona kutulo?"

Kuseri kwa chitseko kunamveka kuseka, koyamba m'miyezi yambiri.

"Mum! Kutulo? No!"

Ndipo anayamba kufotokoza, Chichewa chake chikupunthwa ndi kudzuka. Aphunzitsi a zojambula anawaonetsa ntchito za amisiri a ku Italy a zaka mazana asanu zapitazo, nyengo yotchedwa Renaissance. Amisiriwo ankasongola nthenga, n'kuiviika mu inki, n'kumalumikiza nyama zomwe ankazidziwa kuti zikhale nyama za m'nthano. Iyenso anatola nthenga ya khwangwala kupaki n'kuisongola ndi mpeni wa kukhitchini.

"Mpeni wanga wa anyezi?"

"Sorry. Koma wa mutu wa mbalameyo ndi griffin. Iye amalondera."

"Amalondera chiyani?"

"Mukutsokomola kwambiri, Mum. Ine sindingalowe."

Margreth anatsamira chitseko, misozi ikulengeza. Mumtima anathokoza Mulungu amene anagwira dzanja lake pawindo paja.

"Wondilondera ine ndi Ambuye, mwanawe."

"I know, Mum."

"Koma mkango wako ukhala muno." Analowetsa pepala la chinjoka pansi pa chitseko, kulibweza. "Ichi chokha uchitseke pakamwa. Lilime lakelo likundilepheretsa kudya."

"Sizitheka, ndi inki!"

"Ndiye jambula china chaulemu."

Atu anasekanso. Margreth anamumva akukhala pansi bwinobwino, msana kuchitseko, n'kuyamba kusimba za hatchi ya mchira wa nsomba.