Miyezi Khumi Falesi Akuthira Yekha Mchere

Falesi ankasankha nyemba m'lichero pang'onopang'ono, imodziimodzi, uku apongozi ake, a Magadalena, akukalipa pakhonde. Kunali ku Kaphuka, chaka cha 1912.

"Miyezi khumi!" anatero a Magadalena. "Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina. Uyu sanaitanepo munthu. Ine ndinauza mudzi wonse kuti ali ndi pakati. Mimbayo ili kuti? Kaya akubisa kuti atidwalitse, kaya ndi chumba. Anselmo, m'bweze kwawo!"

Anselmo, mwamuna wa Falesi, anangoyang'ana pansi.

A Rute, azamba amene ankathandiza pachipatala cha mishoni, anamva phokosolo ali kuseri kwa mpanda. Analowa osaodira.

"Mwanawe, unasamba liti komaliza?"

"Nthawi yokolola," anayankha Falesi motsitsa mawu.

"Nanga lero wadya?"

Falesi anangopitiriza kusankha nyemba.

"Ndimuyankhire ine," anatero a Rute mokwiya. "Amadya zotsala. Ndimamuona akukwera phiri ndi mtsuko katatu pa tsiku, kuchoka apo kumunda, kuchoka apo pamtondo. Taonani mikonoyi! M'thupi la mkazi mumakhwima dzira mwezi ndi mwezi. Njala ndi ntchito zikachuluka, thupi limaleka kutulutsa dziralo, kusamba kumaima, mimba siingabwere. Sanakunamizeni. Ankathira mchere chifukwa kumweziko sankapita."

"Ndiye tizimudyetsa ngati mlendo?"

"Ngati munthu, amake Anselmo!"

M'mawa mwake Anselmo anapita ndi mkazi wake kuchipatala. Matenda ena sanapezeke. Atabwerera, Anselmo anatenga khasu la Falesi n'kulisomeka kudenga. Mizere ya Falesi ankalima yekha, ndipo mkaka wa ng'ombe yawo unkayamba kufika kwa Falesi. A Magadalena ankang'ung'udza, koma mtsuko anausenza.

Patapita miyezi inayi, Falesi anaitana ali kukhitchini.

"Amayi, bwerani mudzathire mchere."

A Magadalena anabwera chothamanga. "Eee! Mankhwala a kumishoni ndi amphamvu!"

Falesi anadzutsa mutu.

"Sanandipatse mankhwala, amayi. Chandichiza ndi chakudya chimene munkandimana. Miyezi khumi munkayang'anira mchere, koma simunandifunsepo ngati ndadya. Mkazi akaleka kusamba asanakalambe, musamuthamangitse. Mufunseni, mumudyetse, mupite naye kuchipatala. Thirani mcherewo, nyemba zikupserera."