Nkhope ya Ursule pa Mkuwa

Ursule atamwalira ndi chifuwa, mwamuna wake Barthélemy anasanthula nyumba yonse kufunafuna nkhope yake, koma sanaipeze. Munthu wokalambira pa ntchito yozokota zithunzi pa mkuwa mumsewu wa Saint-Jacques ku Paris, koma wopanda chithunzi cha mkazi wake! Milungu ya Agiriki ndi Aroma inali mbwee m'madilowa, ina yovala, yambiri yosavala. Ursule yekha ndiye munalibe.

Anamuzokotapo kamodzi kokha, asanamere imvi. Chinali chithunzi cha amayi opereka nsembe kwa Ceres, mulungu wamkazi wa zokolola, cholowa m'buku la zipembedzo zakale. Ursule anaima atafunda nsalu ya pabedi, atasenza dengu la anyezi m'malo mwa tirigu, uku akudandaula kuti supu ikupserera. Pa amayi onse a pamzerewo, iye yekha ndiye anacheuka, ndi kamphuno kake kopindikira kumbali. Mwa mwambo, pepala loyamba kusindikizidwa limakhala la wozokota. Ursule analiyang'ana nati, "Mukufuna Paris yense aseke mphuno yangayi?" Mawa lake anakulungiramo nsomba, ndipo onse awiri anaseka mpaka misozi.

Mabukuwo anapita kalekale kunyumba za mabwana, kumene munthu wa zala za inki sagogoda. Koma mkuwa unali kwa Mathurine, mkulu wake wa Ursule, mwini makina osindikizira.

"Alamu, mwaonda chonchi, mukudya koma?" anatero Mathurine atamuona pakhomo. "Kapena mukumwa vinyo yekha ngati wansembe?"

"Ndadzera mkuwa wa Ceres."

Mathurine sanafunse chifukwa. Anautulutsa, anaupaka inki, anaupukuta ndi chikhatho, nazunguza makina. Pepala linatuluka lili lonyowa. Ceres analipo, guwa linalipo, koma nkhope ya Ursule inali ngati ya munthu woima kuseri kwa utsi. Mkuwa umatha pang'onopang'ono ukamasindikizidwa, ndipo mizere yosazama ndiyo imayamba kufufutika.

"Munamunyengerera kwambiri mng'ono wangayu," anatero Mathurine. "Ng'ombe ya nsembeyi munaikumba ngati mukulima, onani ikadali ndi nyanga zake. Koma iye munkangomusisita. Tengani pepalali, alamu. Akuonekabe."

"Uyu si Ursule, ndi mzukwa." Barthélemy analifinya pepalalo naliponya m'mbaula. "Ndikamukonza ndekha."

"Mukapala pamenepo, palibe chobwerera."

"Zaka zonsezi ndikudya naye mbale imodzi, ine ndingaiwale nkhope yake?"

Anali wamakani Barthélemy, ndipo chisoni chinangowonjezera makaniwo. Atafika nawo mkuwawo kunyumba anachita monga ntchito imafunira. Anapala timizere totsala tija mpaka tonse titatha, anatembenuza mkuwa, anaukhoma kumbuyo ndi kanyundo kuti pokumbikapo pakwere, kenako anausalalitsa mpaka kuwala. Pamene panali nkhope panatsala poyera. Anatenga chozokotera chake, natsinzina kuti amuone bwino.

Anaona manja ake akusenda anyezi. Anamva kuseka kwake, ndi kukhosomola kwa masiku omaliza aja. Nkhope yokha inkangobwera ndi kuthawa. Komatu dzanja silinadikire, linayamba kuyenda lokha mosajejema, monga linayendera moyo wake wonse, ndipo Barthélemy analikhulupirira. Pa mkuwa zonse zimakhala zotembenuka ndi zonyezimira, munthu sadziwa bwino chimene wapanga mpaka pepala litanena.

Atabwerera kwa Mathurine anali atameta ndevu, atavala jekete la Lamulungu ngati wopita kukafunsira mbeta.

"Lero ndiye mwatchena, alamu," anatero Mathurine, koma sanaseke.

Anapaka inki, anapukuta, anazunguza makina. Atasenda pepala, onse awiri anaweramirapo.

Mkazi wosenza dengu anacheuka ndithu. Anali wokongola kwabasi, mphuno yowongoka bwino, milomo yaing'ono, maso opanda nkhani. Inali nkhope ya Ceres, ya Diana, ya Juno, milungu ya m'madilowa ija, nkhope imene dzanjalo linazokota kosawerengeka. Ursule linamuzokota kamodzi kokha, ndipo linali litamuiwala.

"Ameneyu ndani?" anafunsa Mathurine chapansipansi.

Barthélemy anabweretsa pepala pafupi ndi maso, analitalikitsa, anapita nalo pawindo. Anayesa kuitana mphuno ija m'maganizo kuti aiike pamenepo, koma mlendoyu anali atakhala kale pamalopo, ndipo sanasunthe. Apo m'pamene mtima unasweka, kuposa tsiku la maliro, pakuti ulendo uno anamuika Ursule m'manda yekha, ndi manja ake.

"Alamu," anatero Barthélemy. "Pepala lija la tsiku lija, losaoneka bwino lija. Simunasindikize awiri?"

"Limodzi lokha."

Onse awiri anayang'ana mbaula. Mathurine anali atawola kale phulusa m'mawa, nayatsa moto watsopano.